Mukufuna kuwonjezera chipinda pa nyumba yanu? Yambani mwasaka mabikoni

Chaka chathachi mayi anga miyendo inayamba kuwavuta, ndiye titakhala pansi ndi azilongo anga tinagwirizana kuti achoke kumudzi cha ku Linthipe adzakhale ndi ine pa boma pano pa Dedza kuti chipatala chikhale pafupi. Nyumba yanga ndi ya zipinda ziwiri zogona, ana ndili nawo atatu, nde munthu wokubereka sungamuyalire mphasa pa balaza ngati mlendo wa tsiku limodzi. Ndinati palibe vuto, ndingophatikiza kachipinda kamodzi kumbuyoku, mamita 3 uku mamita 3 ndi theka uku, basi. Mmisiri amene ndinamupeza anandiyankha mokoma kwambiri, amvekere aaa bwana, chipinda chimodzi chomwechi mpaka pulani? pulani ili m'mutu mwangamu, inu mungogula simenti ndi njerwa zinazo mundisiyire ine. Poti ndimafuna zachangu komanso zotchipa ndinangoti chabwino.

Khoma litafika pa windo, m'mawa wina wa mu June kuja kumazizira mpaka zala kukanika kumanga batani, aneba anga, mayi achikulire ndithu, anabwera atadzikulunga chitenje pamwamba pa juzi nkuima phee kumayang'ana khomalo. Sanakalipe ayi. Anangoti mwadzuka bwanji achimwene, nanga madzi a denga limeneli azidzagwera kwa ndani? Tinayamba kusaka bikoni, kamwala ka konkire kosonyeza malire a puloti, nkukaipeza itakwiririka pansi pa mulu wa mchenga umene tinathira tokha, ndipo titakoka chingwe kuchokera pa bikoni imeneyo kukafika pa inzake khoma langa linali litalowa kwa eni ake pafupifupi theka la mita. Ndinagumula ndekha ndi manja angawa khoma lonse la mbali imeneyo ndi faundeshoni yake yomwe, ndipo foni ya mmisiri uja inasiya kupezeka tsiku lomwelo. Apa mpamene ndinayamba kuyenda njira imene ndinayenera kuyamba nayo, yomwe ndikufuna ndikulongosolereni kuti simenti yanu isathere pa zigumu ngati yanga.

Funso limene aliyense amafunsa ndi loti kodi chipinda chimodzi chimafunikadi chilolezo? Eya, chimafunika. Kupenta, kusintha chitseko chothyoka, kuika siling'i kapena matailosi mkati, uko ndi kukonza chabe palibe angakufunseni. Koma mukangoti mukumbe faundeshoni yatsopano, nyumba ikule kuposa mmene inalili, maonekedwe akunja asinthe, lamulo limatenga zimenezo ngati chitukuko chatsopano pa malopo ndipo mukuyenera kukhala ndi chilolezo musanayambe, osati khoma litafika kale pa linto. Ambirife tidakali ndi maganizo akale oti izi ndi za anthu a ku Area 47 kapena ku Namiwawa. Kale zinalidi choncho pang'ono, chifukwa lamulo la Town and Country Planning Act la 1988 limagwira kwambiri m'madera okhawo amene boma linawalengeza kuti aziyendera mapulani. Koma linalowedwa m'malo ndi Physical Planning Act ya 2016, ndipo lamulo latsopanoli linaika dziko lonse la Malawi pansi pa mapulani. Zoona, kumudzi kwenikweni kuseri kwa phiri uko munthu akamaumba zidina kuti amangire anyamata gowelo nkhani imathera kwa mwini mbumba ndi anyakwawa. Koma ngati muli pa boma pa Dedza kapena pa Ntcheu, kapena pa matauni ang'onoang'ono awa ngati Lizulu, Chimbiya, Bembeke, Kampepuza, Golomoti, musadzinamize kuti ndinu a kumudzi pamene nyumba yanu ili ndi mita ya ESCOM ndi mpope pakhomo.

Tsono chinthu choyamba si kuthamangira ku khonsolo ayi, choyamba tsegulani sutikesi muone kuti pepala la malo anuwo likuti chani ndipo lili m'dzina la ndani. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, ndiye ndichedwapo pang'ono.

Ngati muli ndi lizi kapena title deed, zanu zili bwinoko. Werengani zimene munasainira chifukwa lizi imanena kuti malowo ndi okhalapo kapena ndi a bizinesi, ndipo ya malo okhala nthawi zambiri imakhala ya zaka 99. Onaninso ngati ground rent, ndalama ya lendi ya malo a lizi, mwakhala mukulipira, chifukwa ngongole imeneyi imakonda kudzukira pomwepo pamene mukufuna thandizo. Ngati muli ndi kalata yongokupatsani puloti yochokera ku khonsolo kapena ku Lands, ofesi ya boma yoona za malo, tengani yomweyo ndi malisiti ake onse olo atachita kufiira ndi fumbi.

Ngati mukuchita lendi, siyani kaye. Nyumba ya Malawi Housing Corporation kapena ya boma simungaiphatikize chipinda popanda chilolezo cholembedwa cha eni ake, ndipo ya landilodi wamba ndi chimodzimodzi, kungoti apa ngozi yake ndi ina: mumanga ndi ndalama zanu, chaka chamawa akukwezerani lendi ati nyumba pano ndi ya zipinda zitatu. Ngati mwagwirizana kuti muzidula pa lendi, lemberanani ndithu pakhale ndi mboni.

Gulu lalikulu ndi la ife amene tinagula malo m'mphepete mwa boma kwa munthu wamba, nkulemberana pa pepala la mu kope pamaso pa amfumu ndi chidindo chawo. Pepala limenelo lisungeni, ndi umboni, koma dziwani kuti si lizi. Lamulo la Customary Land Act la 2016 linabweretsa njira yolembetsera malo a makolo kudzera mu komiti ya malo ya m'dera, imene wapampando wake amakhala agulupu ndipo mwa mamembala 6 osankhidwa atatu kapena kuposa amayenera kukhala amayi. Kapiteni kwa a Lands pa boma ndi pepala lanulo akuuzeni kuti malo anuwo ali mbali iti, chifukwa ena amadabwa kumva kuti pamene anagula kwa amfumu ndi malo a boma amene pa mapu analembedwa kale kuti padzadutsa msewu kapena padzakhala sukulu.

Ndiye pali nkhani ya kwathu kuno imene mabuku a mapulani sanena. Abambo amene muli pa chikamwini, musanathire simenti pa malo a kuchikazi khalani pansi ndi akazi anu ndi amalume awo zimveke bwino, nkhani zake tonse taziona, munthu kuchoka ndi kachikwama ndi njinga kusiya nyumba ya malata. Chimodzimodzi nyumba ya masiye. Ngati dzina la pa pepala ndi la bambo anu amene anatisiya, inu nokha simungasaine ngati mwini olo mutakhala woyamba kubadwa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana onse, ndiye yambani mwalongosola ku ofesi ya DC kuti woyang'anira chumacho ndi ndani, abale anu avomere molemba. Chipinda chimodzi chimatha kudanitsa mbumba yonse chifukwa ena amaona ngati mukudzikhazika pa nyumba ya onse.

Chachiwiri, tulukani panja musake mabikoni, timiyala ta konkire tija tokhala ndi kachitsulo pakati. Onse, osati awiri okha. Mpanda wa kapinga kapena wa mitengo ya nkhadze si malire, umayenda chaka ndi chaka malinga ndi amene walimbika kudzala. Akasowa musayerekeze kuloza ndi chala kuti ndi apa, itanani saveya wovomerezeka adzakuikireni, ndipo tsiku limenelo aneba onse akhalepo aone ndi maso awo. Kuzula kapena kusuntha bikoni ndi mlandu, musalole mmisiri aikankhire uko kuti ngolo ya mchenga idutse.

Mukapeza malire, dziwani kuti simumanga mpaka pa chingwe penipeni. Pamayenera kutsala mpata kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo, ndipo kukula kwa mpatawo kumatengera dera lanu ndi kukula kwa puloti, a mapulani akuuzani mamita ake enieni. Poyamba ine ndimaona ngati nkungotaya malo, koma taganizani, galimoto yopopa septic tank idzadutsa pati, moto ukabuka kwa aneba udzaima pati, nanga madzi a denga aja amafunsa aneba aja? Komanso puloti simuidzadza yonse ndi nyumba, pamafunika potsala poyanika zovala, pa chimbudzi ndi poti madzi azilowa pansi.

Amene muli m'mbali mwa M1, kuyambira ku Chimbiya kudutsa Lizulu mpaka ku Ntcheu uko, pali malo a msewu okwana mamita 60, kutanthauza mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa tala. Ma X ofiira amene mumawaona pa makoma a mashopu aja sikuti ndi ana amasewera ndi penti. Mukawonjezera chipinda kulowera ku msewu mkati mwa malo amenewo musadzayembekezere chipukuta misozi tsiku logumula. Yang'ananinso kumwamba, pansi pa mawaya a ESCOM sipomangapo, ndipo ngati waya wolowa m'nyumba mwanu ukudutsa pamene padzakhale denga latsopano kauzeni eni ake adzausunthe, osati mnyamata wa m'dera wodziwa za magetsi. Pansi naponso pali zake, mapaipi a Central Region Water Board, paipi yanu yopita ku septic tank, ndi chinthu china chimene anthu amaiwala, dzenje la chimbudzi chakale limene munakwirira zaka zapitazo nkudzalapo nthochi. Pamenepo dothi silinakhazikike, chipinda chidzatitimira mbali imodzi nkung'ambika. Ndipo ngati chipinda chatsopanocho chikukakamizani kusuntha chimbudzi chokumba, chisayandikire chitsime kapena mjigo, a zaumoyo amanena mamita 30.

Chachitatu tsono ndiye pitani ku khonsolo, koma musanajambulitse pulani. Izi zinandipulumutsa kachiwiri. Kale pa Dedza tinali ndi khonsolo ya tauni payokha koma pano zonse zili pansi pa khonsolo ya boma, ku Ntcheu nakonso ndi khonsolo ya boma. Funsani ofesi ya za mapulani ndi chitukuko, kwa a DPD amene ndi mkulu wa ofesiyo, kapena mungoti ndikufuna oona za physical planning akulozerani. Tengani chiphaso cha unzika, mapepala a malo aja, pulani yakale ya nyumba ngati ilipo, ndi zithunzi za mu foni zoonetsa mbali zonse za nyumba. Afunseni kuti dera langali ndi la chani pa mapu anu, ndisiye mamita angati m'mbali, mukufuna makope angati a pulani, ndalama yoyendera pulani mumawerengera bwanji, komiti yovomereza mapulani ikumana liti. Lembani mayankho mu kabuku. Safunsa anadya phula, ine ndinadya langa ndi khoma lonse.

Pakhomo pa maofesi sipalephera madobadoba, munthu wovala bwino kukulonjerani ngati mumadziwana nkumati bwana ndipatseni mapepalawo mawa lomwe atuluka ndi chidindo. Musapereke. Chidindo chimene sichinalembedwe mu buku la khonsolo ndi inki chabe, tsiku la mavuto adzatsegula buku nkupeza dzina lanu mulibe. Ndalama iliyonse ikaperekedwe kwa kashiya kapena ku akaunti ya khonsolo mutenge lisiti.

Chachinayi ndi pulani. Kujambula kwa pa katoni ya shuga kwa mmisiri sikulandiridwa. Pezani wojambula mapulani amene khonsolo imalandira ntchito zake, ma architect amalembetsedwa ku Board of Architects and Quantity Surveyors, ndipo mukhoza kufunsa pomwepo ku khonsolo kuti pa kantchito kakang'ono ngati aka amalola wojambula wa mlingo wanji. Chachikulu nchakuti abwere pamalopo ndi tepi ayeze yekha. Alipo ena amangotenga pulani ya munthu wina mu kompyuta nkusintha dzina, ndiye mudzapeza pa pepala chitseko chikutsegukira pomwe pali thanki yanu ya madzi.

Mu pulanimo muyenera kuoneka kamapu kolozera kumene kuli puloti, kenako puloti yonse ndi malire ake, nyumba imene ilipo kale, chimbudzi, septic tank, msewu, ndi chipinda chatsopanocho chitaonetsedwa mosiyana ndi chakale pamodzi ndi mamita otsala kukafika m'malire. Kenako kagawidwe ka mkati, maonekedwe akunja, ndi chojambula china chokhala ngati nyumba aidula pakati ndi mpeni kuti aone kuya kwa faundeshoni, kutalika kwa khoma ndi mmene denga latsopano likumanire ndi lakale. Ngati mukuika bafa ndi toileti mkati aonetsenso kumene madzi oipa azipita. Ngati maganizo anu ndi okweza chipinda pamwamba kuti ikhale ya nsanjika, apo pafunika injiniya aone ngati faundeshoni yakale ingasenze, ndipo nyumba zathu zambiri zomangira dothi pakati pa njerwa sizingathe, ndikuuziranitu.

Pali kanthu kena kamene a zaumoyo amayang'ana kwambiri ndipo ife a ku Dedza timakonda kulakwitsa dala chifukwa cha kuzizira, mawindo. Timafuna kawindo kangati ka khola la nkhunda kuti chisanu chisalowe. Koma chipinda chogona chimafuna kuwala ndi mpweya, muyezo umene ojambula ambiri amatsata ndi woti windo likhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa pansi pa chipindacho. Komanso onetsetsani kuti chipinda chatsopano sichikutseka windo lokhalo la chipinda chakale, chifukwa mukatero mwapanga chipinda chimodzi nkupha china. Ndipo tikudziwana, June akafika mbaula imalowa m'nyumba. Makala m'chipinda chotseka ndithu amapha anthu ali mtulo, ndiye timabowo ta mpweya pamwamba pa windo musatitseke ndi nsanza.

Chachisanu, kaperekeni. Mudzaza fomu yopempha chilolezo, muphatikiza makope a pulani, kope ya pepala la malo ndi lisiti la ndalama yoyendera pulani. Ndalamayi imatengera kukula ndi mtengo wa chimene mukumanga, ndiye ya chipinda chimodzi siifanana ndi ya nyumba yonse, ndipo ine nditaiyerekeza ndi matumba a simenti amene ndinataya pa khoma logumula lija ndinangoseka ndekha ngati wamisala. Pemphani nambala ya fayilo yanu muilembe, ndipo kope imodzi ya chilichonse itsale kunyumba. Pulani imadutsa m'manja mwa anthu angapo, a mapulani, a Lands, a zomangamanga, a zaumoyo, ena amabwera kudzaona pamalopo, kenako komiti imakumana nkugamula. Komiti siikumana tsiku lililonse, ndiye pamafunika kudekha ndi kumakayendera fayilo yanu mwaulemu, osati kungokhala kunyumba kudikira foni.

Langizo langa apa ndi la nyengo. Mapepala yendetsani nthawi ya dzinja, January mpaka March, pamene simungamange kale chifukwa cha mvula, kuti pofika May kapena June mukakolola ndi kugulitsa mbatata ya kachewere kapena nyemba chilolezo chikhale chili m'manja. Ambiri timachita mozondoka, ndalama ikangofika m'thumba mu August ndi pamene tikukumbuka za pulani, ndiye poopa kuti ndalama ithera zina timangoyamba kumanga, kenako mvula ya November yatipeza tilibe denga tilibenso pepala.

Yankho likhoza kubwera mwa mitundu ingapo. Akhoza kuvomera, akhoza kuvomera koma nkuikapo mfundo zoti mutsate, akhoza kubweza kuti mukakonze penapake, kapena kukana nkupereka zifukwa. Yanga inabwerera kamodzi chifukwa wojambula sanaonetse kumene madzi a denga azipita, ndendende funso la aneba aja, tinakonza nkubwezanso. Akakukanirani ndipo mukuona kuti sizinayende bwino lamulo limapereka mwayi wa apilo, koma pa chipinda chimodzi nthawi zambiri kusuntha khoma pang'ono pa pepala kumathetsa nkhani. Chikatuluka werengani mfundo zonse ndi madeti ake, chifukwa chilolezo sichikhala mpaka kalekale, mukachisunga zaka osayamba ntchito mudzafunika kukachitsitsimutsa.

Chachisanu ndi chimodzi, mangani zimene zili pa pepala. Apa mayesero ndi ambiri, mmisiri amati bwana njerwa zatsala bwanji tingowonjezera kasitolo apa, kapena tikankhe khoma pang'ono chipinda chikule. Mukasintha kwambiri ndiye kuti chimene mwamanga si chimene anavomereza. Kope ya pulani ya chidindo izikhala pamalopo mu pulasitiki, ndipo funsani kuti oyendera ntchito muwaitane pa magawo ati, kawirikawiri amafuna kuona ngalande ya faundeshoni musanathire konkire, chifukwa ikakwiririka palibe angadziwe kuti pansipo pali chani. Mukafuna kontrakitala weniweni funsani satifiketi yake yochokera ku bungwe la boma loyang'anira ntchito za zomangamanga, koma ngati ndi mmisiri wa m'dera pitani mukaone nyumba ziwiri zimene anamanga zaka zapitazo, osati ya mwezi watha yopaka laimu, ndipo muzimulipira pa gawo pa gawo mutalemberana.

Malo ovuta pa chipinda chophatikiza ndi pamene chatsopano chikukumana ndi chakale. Nyumba yakale inakhazikika kale, yatsopano ikhala ikutsika pang'onopang'ono, ndiye mng'alu umakonda kutulukira pa mkumano pomwepo. Faundeshoni yatsopano ifike pa dothi lolimba, isachepere kuya kwa yakale, ndipo pokumba musafukule pansi pa yakaleyo. Khoma limangiriridwe ku lakale ndi brickforce, waya woyala pakati pa mizere ya njerwa, kapena tizitsulo, osati kungoligundika nkubisa ndi pulasitala. Pulasitiki wakuda woletsa chinyontho asaiwalike pamwamba pa faundeshoni, ndi mankhwala a chiswe musanathire fulo. Amene muli m'munsi mwa phiri la Dedza mukudziwa mmene madzi amatsikira mu February, kumbani ngalande kumtunda kwa chipinda kuti azilambalala. A ku chigwa cha Bwanje ndi madera ena a dothi la makande lija limang'ambika m'chilimwe nkufufuma m'dzinja, musaumire pa faundeshoni, ndi pomwe pali moyo wa nyumba yanu.

Ring beam, lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma, musaidumphe olo ndalama itachepa. Achikulire akukumbuka chivomerezi cha ku Salima cha mu March 1989 chimene chinagwedeza mpaka kuno nkugwetsa nyumba, ndipo cha ku Karonga cha mu December 2009 chitachitika boma linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba amene amatsindika zomwezi. Tili m'mphepete mwa chigwa chachikulu chija cha Rift Valley, nthaka yathu imagwedezeka. Konkire ya ring beam ndi linto ikhale muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya kwale, matope omangira umodzi wa simenti pa 6 ya mchenga, ndipo muzithirira madzi kwa masiku 7. Mukamva mmisiri akunyadira kuti thumba limodzi la makilogalamu 50 iye amalitambasula mawilibala ambirimbiri, dziwani kuti akutambasula ndi mng'alu womwe. Denga limangidwe ndi waya wozikika mu ring beam, chifukwa mphepo ya mvula yoyamba imakonda madenga ongokhomera pamwamba nkutsamiritsa miyala. Pokumana malata atsopano ndi akale ndi pamene pamadontha, aikepo lata lopinda lolowa m'khoma, osati kumata phula chaka chilichonse. Matabwa a paini aawisi amapindika akauma, gulani ouma.

Za njerwa, mu 2018 boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za bizinesi pofuna kuteteza mitengo. Chipinda chogona pakhomo panu si chimene amalimbana nacho kwenikweni, koma ngati mukuwonjezera shopu kapena zipinda za alendo olipira funsani kaye musanagule uvuni wonse. Ndipo tikayang'ana mmene mapiri athu ayerera, mabuloko a simenti si chinthu choipa, amafulumiranso kumanga.

Zimenezi zikundifikitsa pa ukathyali wina umene timauchita. Munthu amapempha chilolezo cha chipinda chogona, chikatha nkuboola chitseko choyang'ana ku msewu, mawa pali grocery, mkuja pali bawo ndi mabotolo ndi sipika mpaka 2 koloko usiku. Kusintha ntchito ya malo kuchoka pa okhala kupita pa bizinesi, kaya ndi shopu, bala, sukulu ya mkaka kapena tchalitchi, kumafuna chilolezo chakechake, kuphatikizanso laisensi ya bizinesi. Ngati cholinga chanu ndi chimenecho nenani poyamba pomwe. Amene amakanena ku khonsolo nthawi zambiri ndi aneba amene asowa tulo.

Nanga amene munamanga kale popanda pepala? Musabisale. Lamulo limapatsa khonsolo mphamvu yokulemberani kalata yoimitsa ntchito, yokulamulani kukonza, kulipiritsa chindapusa, mpaka kugumula ngati mwamanga posayenera. Koma kupita nokha ndi mapepala a malo nkunena kuti ndinalakwitsa ndikufuna kulongosola nkosiyana ndi kupezedwa. Adzafuna pulani yoonetsa zimene zilipo, mwina mulipira kena kake pamwamba, ndipo ngati simunalowe mu msewu kapena kwa eni ake nkhani imatha kukonzeka. Kalata yoimitsa ntchito ikabwera imani ndithu, zomanga usiku ndi tochi kuti akamabwera apeze mwafolera zimangokulitsa mlandu. Ndipo pepala limeneli mudzalifuna tsiku lina, a banki mukafuna ngongole ya chikole cha nyumba amafunsa pulani yovomerezeka, wogula wochenjera amafunsanso, ngakhale ana anu pogawana mawa.

Mukamaliza kadziwitseni a khonsolo adzaone kuti mwatsata pulani, ndipo ngati dera lanu mumalipira msonkho wa nyumba yembekezerani kuti ukhoza kukwerako poti nyumba yakula. Waya wa magetsi m'chipinda chatsopano akoke munthu wa satifiketi, zolumikiza ndi thepi kuchokera pa soketi ya kuchipinda kwa ana ndi zimene zimayatsa nyumba.

Mayi analowa m'chipinda chawo mu October. Chinachepako pang'ono kuyerekeza ndi chija ndinagumula, mamita 3 mbali zonse, koma wojambula anachita nzeru kuika windo kum'mawa ndiye dzuwa limawapeza ali pa bedi, amati miyendo imamasuka msanga. Pulani ya chidindo ili mu sutikesi limodzi ndi makadi a sikelo a ana. Gata ndinaika mvula isanayambe, madzi amatsikira mu mgolo mbali yanga, ndipo aneba aja ndi amene amabwera kudzatunga ochapira mpope ukauma, akatero amakhala pa khonde ndi mayi kumakambirana za maliro a ku Linthipe mpaka nsima ya masana.